Kalaliki akufuna "ya fanta" kuti failo ya mlandu ipezeke

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti achimwene ake awagamula kukakhala kundende zaka 3 pa mlandu wakuba fodya. Akufuna kuchita apilo, koma kalaliki wa pabwalo akuti failo sikuoneka pokhapokha atamupatsa ya fanta. Mayiyu akutinso womasulira anadumpha mawu ena a mboni.

Mayi, ndalamayo musapereke. Lamulo lothana ndi ziphuphu, la Corrupt Practices Act, limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Ndalama iliyonse yovomerezeka ya kukhoti imatuluka ndi lisiti la boma.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi masiku. Ndime 349 ya Criminal Procedure and Evidence Code imapereka masiku 10 kuchokera tsiku la chigamulo kuti munthu apereke chidziwitso cholembedwa choti achita apilo, ndi masiku 30 kuti apereke zifukwa zake. Ambiri amathera masiku 10 amenewa pakhonde la khoti kudikira failo, pamene chidziwitsocho sichilira failo. Achimwene anu angathe kuchipereka kudzera kwa mkulu wa ndende imene ali. Ngati masiku adutsa kale, Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu zolandirabe apilo likamva chifukwa chomveka, choncho sungani umboni wa kuchedwaku.

Failo imeneyi si ya kalaliki. M'mabwalo a majisitireti, umboni amalemba m'Chingerezi ndi majisitireti mwini, kapena wina pamaso pake, iye n'kusayinira. Jaji wa ku Lilongwe amene adzamve apiloyo mboni sanazione. Adzadalira mapepala amenewo. N'chifukwa chake wosunga, wotayipa kapena womasulira saloledwa kuwonjezera, kuchotsa kapena kukometsa mawu a munthu, ngakhale mboni italankhula zosalongosoka. Saloledwanso kulandira mphatso kwa mbali iliyonse, ndipo ngati ali pachibale ndi wodandaula, ayenera kunena kuti ntchitoyo agwire wina.

Lembani kalata kwa majisitireti woyang'anira bwalolo yopempha chigamulo ndi zolemba zonse za mlandu. Muikemo nambala ya mlandu, dzina la achimwene anu ndi tsiku la chigamulo. Makalatawo akhale awiri: imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nayo. Akapanda kuyankha, kadandauleni kwa Chief Resident Magistrate, mkulu wa majisitireti, ku Lilongwe. Za chiphuphuzo kaneneni ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, mutchule tsiku, malo ndi ndalama imene anatchula.

Pa za womasulira, ndime 42 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imati woimbidwa mlandu azengedwe m'chinenero chimene amamva, apo ayi amumasulire boma litalipira. Ndiye kumasulira kolakwika kungakhale chifukwa cha apilo, koma kungonena kuti "anadumpha" sikokwanira. Lero lomwe, musanaiwale, lembani dzina la mboniyo, funso limene anaifunsa ndi mawu enieni amene inayankha. Pezaninso wina amene anali m'khoti tsikulo woti angalumbire pa zomwezo. Mapepala onsewa pitani nawo ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama za loya.