Maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga

Achimwene, mwafunsa ngati mwambi woti "kuona maso a nkhono n'kudekha" umangouza munthu kuti akhale chete. Ayi ndithu. Maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali tija. Mukangoikhudza imatibweza mkati, n'kulowa m'chigoba. Dzinja likafika, kaiyang'aneni patsinde la nthochi, mukhale phee, muona tinyangato tikutuluka pang'onopang'ono.

Agogo ankaunena poganizira anthu. Mwana mukamukalipira amatseka pakamwa. Ine ndinaziona mwana wanga wamkazi atayamba kukana kupita kusukulu. Mtima unkandiwawa, koma sindinamukakamize kulankhula. Tsiku lachitatu tikusenda chinangwa pakhonde, anandiuza yekha kuti anzake ankamuseka chifukwa cha yunifolomu yong'ambika. Usiku womwewo ndinaisoka.