Heat mat yopanda thermostat inandiphikira nthanga zanga

Achimwene, ngati mukufunsa chomeretsera nthanga za maungu, heat mat (kamphasa ka magetsi kotenthetsa miphika kunsi) kapena propagator ya chivindikiro (kabokosi komeretseramo nthanga) zonse zimagwira ntchito, koma ngati palibe thermostat (kachipangizo kozimitsa magetsi kutentha kukafika pomwe mwaika) musayerekeze n'komwe, ndikulemba pano mtima ukundiwawabe. Nthanga zanga za Atlantic Giant, mtundu wa maungu akuluakulu zedi, ndinazisamala ine, ndinapala m'mbali ndi sandpaper osakhudza kunsonga, kuzinyika m'madzi ofunda maola ochepa, kudzala nsonga italoza pansi, zonse mmene timauzirana muno. Wogulitsa mat anachita kundilumbirira kuti imadzizimitsa yokha ikatentha mokwanira, akuti bambo inu ingolumikizani ku magetsi basi simufunikanso china.

Ndiye ndinaika miphika pa mat mkati mwa cooler box n'kutseka. Tsiku lomwe ndimati ndiona zitamera, kungotsegula chonchi nthunzi kumaso, fungo lowawasa, dothi lotentha moti chala sichimakhalamo bwino, pansi pa mphika ndiye osanena. Ndinafukula imodzi, chikopa chili bwinobwino kunja, kungoifinya pang'ono mkati munatuluka zoyera zamadzimadzi zonunkha. Ina inali itatulutsa kamuzu kakang'ono, koma kada kale kunsonga, kafa. Ndinakhala pansi pomwepo ndikufukula imodzi imodzi manja akunjenjemera mwina ndipeza yamoyo, ayi ndithu. Thermometer nditailowetsa m'dothi inadutsa 40°C.

Kumulembera uthenga wogulitsa uja akuti mwina nthanga zanu zinali zakale. Zakale?! Munthu woti sanadzalepo ngakhale dzungu limodzi, sakudziwa kuti nthanga zimenezi timazisaka imodzi imodzi, iliyonse ndi mbiri yake ya dzungu lomwe inachokera ndi kulemera kwake, ndipo nyengo sidikira munthu, ukayambiranso mochedwa dzungu lako lataya kale masabata okula. Kenako anangosiya kuyankha. Zimandipsetsa mtima chifukwa mat ngati imeneyo imangowonjezera kutentha pamwamba pa komwe kulipo kale, ukaitsekera m'bokosi kumangokwera, iyeyo akanangonena zoona.

Komabe musathawe kutentha ayi, dothi lozizira lonyowa limawoletsanso nthanga mwina kuposa apa. Cooler box mpaka pano ndimaikonda, imasunga kutentha mofanana usiku wonse. Gulani mat yomweyo koma ndi thermostat yapadera yokhala ndi probe (kachitsulo koyezera kutentha), ndipo probe ilowe m'dothi mulingo womwe pali nthanga, osati kulendewera m'mwamba. Ikani pakati pa 29 ndi 32°C, zimamera pa masiku 3 mpaka 7. Yatsani zonse tsiku lathunthu musanadzale muone ngati nambala ikukhazikika, ndi thermometer yachiwiri pambali chifukwa ine zamagetsi sindizikhulupiriranso. Pakati pa mat ndi mphika ikanipo kathabwa kapena thaulo.

Dothi likhale lachinyezi chabe, ukalifinya lisadonthe madzi. Zikangotumphuka chotsani chivindikiro, tsitsani kutentha ndipo zipatseni kuwala kwambiri tsiku lomwelo, apo ayi zimatalika zowonda n'kugwa. Propagator zambiri n'zazifupi, mphika waukulu sulowamo, pomwe mizu ya maungu amenewa imathamanga koopsa, nchifukwa chake ine ndingasankhe mat. Tsamba loyamba lenileni likaoneka konzekerani kuwokera msanga mizu isanapindikane mu mphika.