Holide ya Disembala ndi ana mu Lusaka: mmene timachitira kwathu

Mayi anzanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ana akutsekera sukulu kumayambiriro kwa Disembala, nyumba ndi ya lendi ku komboni ya Chawama kuno ku Lusaka, malo olima palibe, ndalama n'zochepa, ndipo mukukayika ngati n'kwanzeru kupita nawo kumudzi kapena kungokhala. Ine ndili ku komboni ya Kanyama, ana ndili nawo atatu, kwathu ndi ku Katete. Ndifotokoze mmene timachitira ife, inu mutolepo zokuthandizani.

Za dimba, musalimbane ndi repu nyengo ino. Ife a mu Lusaka tikangoti dimba, mutu umathamangira ku repu, chayinizi ndi tomato, koma zimenezo zimakondwa kukamazizira, Meyi mpaka Ogasiti. Mvula ikakhazikika masamba a repu amachita chikasu m'mbali n'kuyamba kuola, tomato amagwidwa chiwawu, ndiye pali kambozi kaja ka Tuta absoluta kamene kanafika m'dziko muno mu 2016, kolowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso momwe. Ndinataya mbewu zaka ziwiri zotsatizana. Amayi anga atabwera kudzationa anayang'ana repu wangayo, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, kumudzi unaonapo ndani akulima repu dzinja?" Anamasula kansalu kamene anamanga pa chitenje chawo, m'menemo munali njere za maungu ndi za bonongwe. Dimba langa la dzinja linayambira pamenepo.

Bzalani ndiwo zimene mvula imazikonda: bonongwe, amene kuno timati bondwe, nkhwani kapena kuti chibwabwa, kholowa amene pamsika amati kalembula, chitambe ndi therere. Malo asakudetseni nkhawa. Tengani matumba akale a ufa, a 25 kg omwewo, mubowole pansi ndi m'mbali kuti madzi azituluka. Sakanizani dothi magawo awiri ndi manyowa gawo limodzi. Manyowa a nkhuku akhale owolerana bwino, aawisi amawotcha mizu, mbewu imangofota ngati mwaithira madzi otentha. Matumbawo muwakhazike pamwamba pa mabuloko. Izi ndikunena monga munthu wa ku Kanyama: pansi pathu ndi mwala, madzi ali pafupi, mvula ya usiku umodzi imadzaza bwalo lonse, ndipo madzi amenewo amadutsa m'zimbudzi za anthu asanafike pakhomo panu. Tonse tikukumbukira kolera ya dzinja la 2023 kulowa 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo sukulu zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale m'malo mwa Januwale. Choncho ndiwo zisakhudze madzi osefukira, ndipo potsuka gwiritsani ntchito madzi othira klorini.

Bonongwe sachedwa, masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, muzisakanize ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane malo amodzi. Kholowa safuna n'kugula mbewu komwe, pemphani zingwe zingapo kwa aneba, zikani, pakatha sabata wagwira. Nkhwani muupatse chingwe ukwere pa mpanda kapena pa denga la bafa.

Mwana aliyense ndinamupatsa thumba lakelake, ndipo apa m'pamene pali phindu lenileni la holide. Wamng'ono, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amadzuka mbandakucha n'kutuluka osavala nsapato kukaona ngati nkhono zadya bonongwe wake. Amazitola imodziimodzi n'kuika m'chitini, kenako n'kuwaza phulusa la pa mbaula kuzungulira thumba. Tsiku limene tinaphika nkhwani wotendera wochokera m'thumba la mlongo wake, mtsikanayo anasadzula yekha, ulusi uliwonse, atakhala pa mpando wa ndalema, ndipo atate awo atafika anawauza asanakhale n'komwe pansi kuti ndiwo za lero ndalima ndine. Ana amene ankakana masamba anapempha nsima yachiwiri.

Za kuphika makeke, uvuni si chofunika. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankabwera maola ochepa chabe, nthawi zina pakati pa usiku, ndiye ndinabwerera ku mbaula ndipo sindinachokeko. Chigumu chathu timachita chonchi: makapu awiri a ufa wa mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa kwambiri zija zakuda makoko zimene ku msika wa Soweto amagulitsa motchipa madzulo, theka la kasupuni ka soda, kamchere, shuga pang'ono, mafuta masupuni atatu, ndi mkaka wosasa wokwanira kuti phala lake lilimbe koma lizigwa pa mthiko. Pakani mafuta m'poto wokhuthala. Chinsinsi chili pa moto: pansi musiye makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ambiri muike pa chivundikiro. Mukachulutsa pansi chimapserera m'kati musanapse. Pakatha mphindi 40 bayani ndi mpeni, ukatuluka wouma chapsa. Ana aang'ono ntchito yawo ndi kufinya nthochi, makala n'nga akuluakulu okha.

Tsono za kumudzi. Ine ndikuti pitani, ngakhale kwa sabata imodzi, ngati ya basi ingapezeke. Koma mukonzekere ndi maso otsegula. Disembala kumudzi si nthawi ya tchuthi. Anthu ali kalikiliki kupalira, nkhokwe zayamba kupepuka, chimanga chatsopano chili kutali. Mukafika ndi ana chimanjamanja, agogo sadzadandaula, adzagwira nkhuku n'kukuphikirani mokondwa, koma mukadzachoka adzatsala ndi njala ya Febuluwale yofika msanga. Ife timanyamula thumba la ufa, shuga, mchere, mafuta ophikira, sopo ndi kapenta. Zovala zatsopano za Khirisimasi tinasiya, ndalama yake imapita kumeneko. Zigumu ziwiri timaphika usiku woti mawa ulendo, chimodzi cha panjira, china cha apongozi.

Matikiti ku siteshoni ya mabasi ya Intercity gulani kukadali masiku, chifukwa Khirisimasi ikayandikira mitengo imakwera ndipo malo amatha. Ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndiye kwerani ya m'mawa kwambiri. Mwana amene amachita chizungulire asadye zamafuta musanadutse mapiri a Manenekela. Pa Luangwa Bridge basi imaima, pamenepo ndimagula nsomba zouma za amayi. Ndipo chonde, chonde, nyamulani masikito. Ana okulira mu Lusaka malungo a kum'mawa amawagwetsa msanga. Wanga wachiwiri anatentha thupi patatha sabata tibwerere, mwayi wake tinathamangira kukayezetsa tsiku lomwelo. Mwana akatentha thupi muli komweko kapena mutangobwerako, musayambe ndi panado n'kudikira, pitani akamuyeze ndipo muwauze kumene munali.

Kumeneko muwasiye ana apite kumunda ndi agogo awo, agwire khasu ngakhale kwa ola limodzi, adye mango mpaka masaya achite chikasu, agwire inswa, kapena kuti ngumbi, mvula ikakata madzulo. Anga anaphunzira kugwada popereka madzi kwa akulu poona asuweni awo, zimene ine ndinalankhula chaka chonse osamveka. Chinyanja chawo cha mu tauni azakhali awo amachiseka, koma pobwerera amakhala atatola mawu amene ine ndemwe ndinayamba kuiwala.

Matumba anu musadere nawo nkhawa pochoka. Mvula idzathirira yokha, ingowauzani aneba kuti azithyola ndi kudya, chifukwa bonongwe akasiyidwa amachita maluwa n'kukhwima. Pobwerera pemphani mbewu kwa amayi anu kapena apongozi, njere za maungu, khobwe, therere, chilichonse chimene asunga m'chikho kudenga la khitchini.

Ngati mukufuna kuyamba sabata ino, njere za bonongwe ndili nazo zodzaza botolo, ndi zingwe za kholowa zoti n'kudula. Loweruka m'mawa ndimakhala ku Soweto kogula nthochi. Ndilembereni ku inbox tipangane pokumana, mubwere ndi kapepala kokulungira.