Mota ya drone pa chida chozungulira: ikanipo lamba

Achimwene, mwafunsa ngati chitsulo chomenyera cha masentimita 12 mungachimange pa shafiti ya mota ya drone ya 1,800 KV, kapena mudutsitse mphamvu m'magiya, pa loboti yanu yomenyana ndi maloboti ena pa mpikisano, ya makilogalamu 1.5, gulu lomwe ku UK amalitcha beetleweight. Ine ndikuti njira ziwiri zonsezo zisiyeni, ndipo ikani lamba ndi mapule awiri, kuti mota ikazungulira kawiri chitsulo chizizungulira kamodzi.

Nambala ya KV imatiuza kuti mota, isananyamule katundu, imazungulira kangati pa mphindi pa volti iliyonse. Batire la LiPo la 3S, lomwe ndi batire la lithiyamu la maselo atatu, limapereka mavolti 11.1, choncho mota yanuyo ifika pafupifupi maulendo 20,000 pa mphindi, ndipo nsonga ya chitsulo chanu izidzathamanga makilomita oposa 450 pa ola. Ngakhale malamulo a BattleBots, mpikisano wa maloboti omenyana ku America, komwe maloboti amalemera makilogalamu 113, salola nsonga ya chida kupitirira mamailosi 250 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 400.

N'zoona kuti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yosungidwa m'chitsulo imawirikiza kanayi, ndipo ichi ndi chimene chimanyenga ambiri. Koma mphamvuyo ilibe phindu ngati dzino, lomwe ndi nsonga ya chitsulo yogunda mdani, silikuluma. Tiyerekeze kuti loboti yanu ikuyenda mamita 2 pa sekondi ndipo chitsulo chili ndi mano awiri. Pa maulendo 20,000, dzino lina likadutsa, linzake limafika loboti itangosuntha mamilimita 3 okha, motero chida chimangopala mdani n'kumathetheka moto osamunyamula. Mukatsitsa kufika pa 10,000, dzino limalowa mamilimita 6, ndipo mukasula chitsulo cha dzino limodzi, mbali inayo n'kuikako kulemera kolinganiza, limalowa mamilimita 12. Kutsitsako kumawirikizanso mphamvu yopotolera, kotero chida chimadzuka msanga chikaima, ndipo ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, sikoka magetsi ambiri kwa nthawi yaitali.

Chimene ndikukanira magiya n'chakuti chida chikagunda chimaima mwadzidzidzi, ndipo kugunda konseko kumabwerera ku mano a giya ndi kushafiti ya mota, yomwe pa mota zazing'onozi ndi yopyapyala ndipo sichedwa kupindika. Mwaonapo pachigayo kuti nyundo zikatsamwa lamba amaterereka papule injini n'kupulumuka. Ntchito ya lamba pa loboti ndi yomweyo. Lamba wobulungira kapena wa V amaterereka bwino. Wa mano amagwira kwambiri, n'chifukwa chake ena amasalaza pule ya kuchida kuti pakhale poterereka. Chitsulocho chikhale ndi shafiti yakeyake yonenepa, yogwiridwa mbali zonse ziwiri, ndi mabering'i awiri.

Ena m'gulu muno atchula mota ndi magiya a drilo ya batire. Zimenezo n'zabwino pa matayala kapena pa mkono wonyamulira mdani, makamaka pa loboti yaikulupo, koma madrilo ambiri safika ngakhale maulendo 2,000 pa mphindi, ndiye chida chozungulira sichingasunge mphamvu yokwanira.

Kwathu kuno kuli zinanso zoti muganizire. Mota za drone zimadalira mphepo ya mapiko kuti zizizire, ndipo mukaitsekera m'bokosi m'kutentha kwa Mangochi kwa mwezi wa Okutobala, maginito amafooka ndipo guluu wake amamasuka. Boolani mabowo a mpweya, ndipo mukayendetsa motayo mphindi zitatu, zomwe ndi nthawi ya ndewu imodzi, ikhudzeni mumve ngati yatentha. Musayesere pamchenga wa kunyanja kapena pafupi ndi owotcherera zitsulo, chifukwa maginito amakoka tizitsulo n'kutiunjika mkati. Sipuling'i yakale ya galimoto imasulika chida cholimba, koma ilinganizeni bwino isanazungulire, ndipo poyesa koyamba mutsekere lobotiyo m'bokosi la matabwa ochindikala, chikhomo choletsa chida kuzungulira muchichotse pomalizira penipeni.