Mvula ya 1862 anaiyeza ndani?

Funso: Ndinamva pa wailesi kuti m'chaka cha 1862 kunagwa chilala choopsa m'chigwa cha Shire. Nthawi imeneyo kunalibe a zanyengo. Kodi akatswiriwa sangopeka? — Mphunzitsi, Chikwawa

Yankho: Aphunzitsi, sapeka ayi, ndipo umboni wina unalembedwa kwanu komweko. Mtsogoleri wawo Bishopu Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862, amishoni a UMCA, mishoni ya mpingo wa Anglican, anachoka ku Magomero n'kukakhala kwa Chibisa, m'mbali mwa Shire ku Chikwawako. M'makalata ndi m'mabuku awo a tsiku ndi tsiku analemba za mbewu zouma m'minda ndi anthu akufa ndi njala. A gulu la David Livingstone nawo anaona mitembo ikuyandama pa mtsinjewo mu 1863.

Ofufuza, monga David Nash wa ku yunivesite ya Brighton, amawerenga mapepala oterewa limodzi ndi a mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, zomwe zinayamba mu 1875 ndi 1876. Amatola mawu alionse okhudza mvula: tsiku lomwe inayamba, mtsinje utadzaza, chimanga chitafota. Kenako dzinja lililonse amalipatsa gulu lake, kuyambira louma kwambiri mpaka la mvula yochuluka. Kuchuluka kwa mvulayo m'mamilimita sangakuuzeni, zimenezo ayi.

Komabe kukayika kwanuko musakutaye. Mlendo wochokera ku Scotland akadandaula mu Okutobala kuti dziko lauma, chimenecho si chilala, ndi chilimwe chathu chabe. Njala nayonso si mboni yokhulupirika. Zaka zimenezo kunali nkhondo ndi kugwira akapolo, ndipo munthu wothawa salima ngakhale mvula igwe bwanji. N'chifukwa chake ine kalata imodzi sindiikhulupirira, pokhapokha wina wa kudera lina, wosadziwana naye, atalembanso zomwezo.

Pa zaka zina, nyanja imathandiza kutsimikizira, chifukwa mvula ikachepa madzi ake amatsika. Madzi a nyanja ya Malawi anatsika mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo kuyambira cha m'ma 1915 kufika 1935, ndipo Chilwa anaphwa mu 1968 ndi 1995.

Chondiwawa n'chakuti olemba ambiri anali alendo. Agogo anga ankawerenga zaka za ana awo kuchokera pa njala ya 1949, ankati "fote naini", ndipo ankadziwa mwezi womwe mvula inadukiza. Palibe anawalembera. Inu muli ndi ana a sukulu ndi makope. Atumeni kwa agogo awo.