Yankho kwa achimwene a ku Ngabu pa za kafukufuku wa zisankho

Achimwene, mwafunsa kuti akafukufuku amadziwa bwanji amene akutsogola pa mpando wa pulezidenti pomwe inu sanakufunsenipo. Inenso kuno ku Nchalo sanandipezepo, koma zimenezo sizindidandaulitsa. Kuchipatala akamayeza malungo amangobaya chala n'kutenga kadontho ka magazi basi.

A bungwe la kafukufuku la Afrobarometer amafunsa anthu 1,200 m'dziko lonse lino, osankhidwa mwamaere m'zigawo zonse, ndipo zotsatira zimatha kuphonya ndi 3 peresenti, kukwera kapena kutsika. Ndiye mukamva kuti uyu ali ndi 40, uyo 38, musathamangire kuvina utse, amenewo ali phewa ndi phewa.

Chimene ine ndimayang'anitsitsa ndi funso loti atatsala awiri okha mungavotere ndani. Chichokereni chigamulo cha khothi cha pa 3 February 2020, chomwe chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, wopambana amafunika mavoti opitirira theka. Kumbukirani 2019: a Mutharika 38.6 peresenti, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. A Chakwera ndi a Chilima atagwirizana pa chisankho chobwereza cha 2020, a Chakwera anapitirira 58 peresenti. Anthu ake omwewo, chinasintha n'choti wayima ndi yani.

Chokayikitsa chilipo ndithu. Mlendo akafika pakhomo ndi tabuleti, agogo amaganiza kuti ndi kalembera wa chimanga, ndiye amayankha mosamala. Komanso kafukufuku wa pa Facebook, ameneyo musiyeni, mlimi wa ku East Bank wopanda bandulo ya intaneti sawerengedwamo.