Achemwali a pa kontilakiti akufunsa: ndisayine kalata yotsutsa mabwana?

Imelo iyi inandifika Lachiwiri usiku ndipo mpaka lero siinandichoke mmutu. Achemwali athu ena a ku Dedza akuphunzitsa pa yunivesite ina konkuno ku Gauteng, kontilakiti yake ya chaka chimodzi chimodzi. Malekichala anzawo alemba kalata yodandaula kuti mabwana aphatikiza makalasi osafunsa munthu, ndiye akuti nawonso asayine. Funso lawo ndi lalifupi: "Achimwene, pemiti yanga inamangika pa ntchito imeneyi, ndisayine?"

Achemwali ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zanga chifukwa mwandikhudza pa chilonda.

Ine ndinaphunzitsako zaka zitatu pa koleji ina mtauni muno, dzina sinditchula. Ankatilipira pa ola, ola lomwe waima kutsogolo kwa ana basi, kuchonga mayeso kunali kwaulere. Ndinkadzuka kukadali mdima ku Rosettenville, takisi mpaka mtauni, mapepala a ana ali mu jumbo, ena ndinkachongera pabondo mmenemo dalaivala akuponda mabuleki cholembera nkulemba mzere wofiira pepala lonse. Tsiku lina inangobwera imelo kuti makalasi awiri akhala imodzi, komanso lekichala amene ana ake alephera ambiri azikafotokoza ku ofesi. Palibe anatiuza poyera kuti tiziwonjezera malikisi ayi, koma wamkulu sauzidwa, mwana wapeza 44 iwe umayamba kumusakira 6 yoti afikire 50, ukudziwa bwinobwino kuti nkhaniyo sanaimve.

Mayi wina wa ku Soweto amene anakhalitsa pamenepo ndi amene analemba kalata. Anandipeza ku khitchini ndikutenthetsa nsima ya dzulo, nkuika pepala ndi cholembera pambali pa kontena yanga, osayankhula. Mayina analipo kale 11. Ndinawerenga mpaka pansi, mwabodza munalibe. Koma mmutu mwanga munali lendi, munali Mukuru ya amayi ya kumapeto kwa mwezi, munali fizi ya mng'ono wanga, munali pasipoti. Ndinati "mama pepani, ine kuno ndine mlendo." Sanandinyoze. Anandigwira paphewa, nkutenga pepala lawo nkumapita. Nsima ija sindinadye.

December itakwana anthu 7 makontilakiti athu sanawonjezere, ena osayina aja, ena ife okhala chete. Kukhala chete kwanga sikunandigulire ngakhale mwezi umodzi. Tinakula tikumva kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mwambi umenewu watisunga ambiri kuno ku Joni, sindikukana, koma tsiku lija unandisandutsa wamantha pa nkhani imene ndinkaidziwa kuti ndi yoona.

Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti ine 2011 ndinali ku Zomba, ndinaona ndi maso. Achinyamata mwina simukudziwa. Mu February chaka chimenecho mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukawafunsa za zimene anaphunzitsa mkalasi, pomwe anapereka chitsanzo chakuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kutha kubweretsa zipolowe ngati zimene zinagwetsa maboma ku Tunisia ndi Egypt. Tangoganizani, mawu a mkalasi afika ku polisi, ndiye kuti wina wakhala pa desiki ndi khutu la boma. Malekichala, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, anati sitilowanso mkalasi mpaka atitsimikizire ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Khansolo ya yunivesite mmalo moima ndi anthu ake inachotsa ntchito anayi: a Kabwila, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Nkhani inakoka pafupifupi miyezi 8, mpaka mu October pomwe Bingu analamula kuti abwerere pa ntchito. Sizinali zophweka, ku Chikanda nyumba za lendi zinali gwa, azimayi a mandasi ndi anyamata a kabaza analira, makolo ankatukwana malekichala pa wailesi. Ineyo ndinkawachemerera anthu amene aja. Ndiye patapita zaka zochepa pepala lofanana nalo lafika pa tebulo langa, dzanja nkuuma.

Apa ndinene mosapsatira. Yunivesite si shopu ya munthu. Lamulo la kuno ku South Africa la maphunziro apamwamba la 1997 linaika khansolo kuti iziyendetsa sukulu, koma za maphunziro ndi kafukufuku linazipereka mmanja mwa seneti, mmene mumakhala aphunzitsi eniake. Ndiye zimatheka bwanji kuti munthu amene sanagwirepo choko zaka 10 azilamula kuti ana 300 akwana mkalasi imodzi, iwe nkumva pa imelo? Amawerenga mitu ngati akuwerenga matumba a chimanga. Mwana amene wachokera ku sukulu ya kumudzi ku Limpopo, Chingerezi chikumuvuta, akufunika munthu womudziwa dzina, mu holo ya anthu 300 amangosowa ngati singano mu udzu, kenako akalephera wolakwa ndi lekichala. Ayi, zimenezo nzolakwika, ndipo wolemba kalata kuzitsutsa sakuchita mwano, akugwira ntchito yake.

Ndimakumbukiranso October 2015 ku Braamfontein, yunivesite ya Wits italengeza kuti fizi ikwera ndi 10.5%, ana nkutseka mageti. Pa 23 October Pulezidenti Jacob Zuma analengeza kuti fizi siikwera chaka chotsatiracho. Anthu amakumbuka ana okha, koma ine ndimakumbuka azimayi okolopa ndi abambo a mminda ya maluwa, olembedwa ndi makampani apadera pa malipiro ochepa, amene anaguba limodzi ndi anawo mpaka yunivesite inavomera zowalemba ngati antchito ake. Anthu amenewo analibe digiri, analibe loya, analinso ndi lendi ngati ine.

Komanso mapulofesa a pemanenti, ndili nanu mawu. Si bwino kumutuma wa pa kontilakiti, mlendo, kuti akhale kutsogolo inu muli kumbuyo ndi penshoni yanu. Inu kukuchotsani pamafunika hiyaring'i, iye amangomusiya December ikwane osamuimbira foni. Mayina anu akhale pamwamba pa pepalalo, ndipo mkalatamo mulembenso za iwowa olipidwa pa ola. Chaona mnzako chapita, lero aphatikiza makalasi, mawa aphatikiza madipatimenti.

Tsono achemwali muchite chiyani?

Musanagwire cholembera lowani kaye yuniyoni, kaya NTEU kaya NEHAWU kaya bungwe la malekichala la pa sukulu panupo, ndipo mupemphe kuti kalatayo ituluke mdzina la yuniyoni. Onani amene asayina kale, ngati a pemanenti mulibe dikirani. Mawu onse akhale oona, otukwana munthu musakhale. Sungani makontilakiti anu onse akale ndi maimelo okulonjezani makalasi a chaka chamawa, ku imelo yanuyanu osati ya kuntchito, chifukwa lamulo la za ntchito la Labour Relations Act limati ngati munali ndi chifukwa chomveka choyembekezera kuti akuwonjezerani koma osatero, kumeneko nkuchotsedwa ntchito, ndipo ku CCMA, bungwe lomva milandu ya pa ntchito, muli ndi masiku 30 okha okadandaula, saona kuti ndinu Mmalawi ndipo salipiritsa. Ine zimenezi ndinazidziwa masiku 30 atadutsa kalekale. Za pemiti musandimvere ine, onanani ndi wodziwa malamulo olowa ndi kutuluka, chifukwa general work visa imakhala ndi dzina la okulembani ntchito. Zonsezi zikakhala mmalo, ine ndikanakhala inu ndikanasayina. Mukaona kuti simungathe, muwauze anzanuwo maso ndi maso chifukwa chake, nkuthandiza mwina, olo kusonkhanitsa manambala a ana mkalasi iliyonse.

Mayi a ku Soweto aja ndinakumana nawo chaka chatha pa Park Station ndikukatumiza katundu pa basi. Anandizindikira ndi iwo, nkundifunsa za amayi kumudzi. Ndinafuna kupepesa za pepala lija koma kondakitala anali akuitana kale kuti ndikayezetse chikwama.

Mukapita ku ofesi ya yuniyoni mundilemberenso, ndipo kalatayo munditumizire ndiiwerenge, mayina a anthu mufufute.